Kodi mabuku ofotokozera azungu za ulendo wa ku Makkah ndi odalirika?

Wokonda Mabuku analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa masabata angapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pano alipo anthu amene anawerenga zambiri kuposa ine, komanso ena amene anakapondako okha ku Makkah.

Kuntchito kwathu kuli mayi wina wochokera ku Ulaya, munthu waulemu ndiponso wokonda kufunsa, amene si Msilamu. Mnzathu wina atatsanzika kuti akupita ku Hajj, ulendo wachipembedzo wa Asilamu wa ku Makkah, mayiyu anandifunsa ngati ndikudziwa buku la m'Chingerezi limene lingawathandize kumvetsa chimene chimachititsa munthu kusunga ndalama zaka zambirimbiri kuti akakhale masiku ochepa pakati pa chinamtindi cha anthu, dzuwa likuswa mtengo. Iwo akudziwa kuti sangakadzionere okha, popeza munthu amene si Msilamu saloledwa kulowa mu Makkah, ndipo pamsewu wochokera ku Jeddah pali zikwangwani zopatutsa anthu otere kuti adzere njira ina. Zonse zimene angadziwe za mzindawo adzazionera m'maso mwa wolemba buku, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuwapatsa buku lililonse limene lagwa m'manja mwanga.

Ndinaganiza zoyamba ndawerenga ndekha. Buku limene limatchulidwa kwambiri ndi la Richard Burton, msilikali wa ku Britain amene anafika ku Madinah ndi ku Makkah m'chaka cha 1853 atadzizimbaitsa ngati sing'anga wachisilamu wa mtundu wa Pathan. Kulemba ankakutha, zimenezo sinditsutsa, moti ngamila, misika, fumbi ndi mikangano ya m'sitima ya pamadzi zimaoneka ngati uli pomwepo. Koma ndime ina inandiimitsa. Atalowetsedwa m'kati mwenimweni mwa Kaaba, nyumba yopatulika ya pakati pa mzikiti waukulu wa ku Makkah, m'chipinda chimene Asilamu ambiri amamwalira asanachionepo, iye mwini akufotokoza kuti pa nthawi ya mapemphero anali kujambula kamangidwe ka chipindacho ndi pensulo pa nsalu yake yoyera ya ihram, chovala cha munthu amene akuchita Hajj. Ndinatseka bukulo n'kukhala kaye chete, chifukwa ndinaganizira anthu amene anali pambali pake akumutenga ngati m'bale wawo.

Ndiye ndikufunsa motere. Kodi zimene analemba anthu olowa mu Makkah mwakabisira ndi zoona, kapena ankawonjezera kuti asangalatse owerenga a kwawo? Ngati zili zoona, kodi n'koyenera kupatsa munthu wofuna kumvetsa Chisilamu buku limene linabadwa m'chinyengo? Ndipo ngati silili loyenera, alipo mabuku ena olembedwera owerenga a ku Ulaya ndi ku America amene amafotokoza ulendowu mwaulemu koma mosabisa kanthu?

Mphunzitsi wa Mbiri analemba:

Achimwene, funso lanu ndi lalikulu. Ine ndiyankha mbali ya mbiri, ndipo za mumtima mwa munthu wochita Hajj ndisiyira eni ake.

Burton anapeza njira itapondedwa kale. Ludovico di Varthema wa ku Bologna analowa mu Makkah m'chaka cha 1503 atalowerera m'gulu la asilikali a Mamluk amene ankaperekeza mtandadza wa ngamila wochokera ku Damascus, ndipo buku lake linatuluka ku Rome mu 1510. Masiku amenewo ku Ulaya kunali nthano yakuti bokosi la maliro a Mtumiki Muhammad limalendewera m'malere litagwidwa ndi mphamvu ya maginito, ndipo ambiri ankaganiza kuti lili ku Makkah. Varthema, ngakhale kuti Chisilamu sankachilemekeza, anauza owerenga ake kuti mandawo ali ku Madinah ndipo kuti za maginitozo n'zabodza. Ndikutchula zimenezi kuti muone umbuli umene unalipo, komanso kuti nthawi zina mabuku amenewa ankachotsa bodza limene linazika mizu kwa zaka mazana.

Amene amandigwira mtima kwambiri ndi Joseph Pitts wa ku Exeter, chifukwa iye sanasankhe yekha ulendowu. Anagwidwa panyanja mu 1678 akadali mnyamata, anagulitsidwa ukapolo ku Algiers, anakakamizidwa kulowa Chisilamu, kenako mbuye wake wina anamutenga pokachita Hajj ndipo anamumasula. Atathawira kwawo analemba buku limene linatuluka mu 1704. Munthu ameneyu anali ndi zifukwa zonse zonyozera, komanso ankafunika kutsimikizira anthu akwawo kuti mumtima sanasiye Chikhristu, koma atafika pofotokoza za Arafat, chigwa chimene ochita Hajj amasonkhanamo kupemphera, anavomereza kuti kuona anthu zikwizikwi, mitu ili pamtunda, misozi ili mbwembwembwe m'masaya, akupempha chikhululukiro, kunali kolasa mtima. Umboni wa munthu wosafuna kuyamikira umalemera kwambiri.

Pa nkhani ya kulondola, palibe amene amaposa Johann Ludwig Burckhardt wa ku Switzerland, amene anachita Hajj mu 1814 akudziwika ndi dzina lakuti Sheikh Ibrahim. Anafotokoza makwalala a Makkah, zipata za mzikiti, malonda ndi mabanja a mumzindawo mosamala kwambiri, moti Burton mwini anatenga ndime zake zambiri pofotokoza za mzikitiwo. Burckhardt anamwalira ku Cairo mu 1817 ndipo anaikidwa m'manda a Asilamu, ndipo mpaka lero akatswiri amasiyana maganizo ngati analowadi Chisilamu ndi mtima wonse. Buku lake la ulendo wa ku Arabia linatuluka mu 1829, iye atapita kale.

Tsono funso lofunika ndi lakuti n'chifukwa chiyani anthu amenewa ankalondola zinthu chotero. Yankho lake ndi limene likukhudza nkhawa yanu, achimwene. Burckhardt anatumidwa ndi bungwe la African Association la ku London, ndipo Burton anathandizidwa ndi Royal Geographical Society. Mabungwewa ankafuna mapu, mitunda, zitsime ndi njira. M'zaka za m'ma 1800, maboma a atsamunda anali kulamulira Asilamu mamiliyoni ambiri, Britain ku India ndi Netherlands kuzilumba zimene lero ndi Indonesia, ndipo Makkah anali malo okhawo amene anthu awo ankasonkhana popanda bwana wachizungu wowayang'anira. Ankaopa kuti kumeneko kumapangidwa upo wowaukira. Ankaopanso matenda, makamaka kolera ya mu 1865 itapha anthu ambiri pa Hajj n'kufalikira mpaka ku Ulaya. Boma la India linafika popereka ntchito yokonza maulendo a Hajj ku kampani ya Thomas Cook mu 1886. Chitsanzo choonekeratu ndi Christiaan Snouck Hurgronje wa ku Netherlands, amene anakhala mu Makkah miyezi ingapo mu 1885, analemba buku la ukatswiri wozama lonena za moyo wa mumzindawo, kenako anakakhala mlangizi wa boma la atsamunda pa nkhani za Asilamu, kuphatikizapo pa nkhondo ya ku Aceh, chigawo cha kuzilumba za Indonesia. Zithunzi zambiri zimene anasindikiza zinajambulidwa ndi dokotala wa ku Makkah komweko, Abd al-Ghaffar, amene dzina lake linaiwalika kwa nthawi yaitali. Kulondola ndi ukazitape zinamera pa tsinde limodzi.

Vuto lina ndi la kamangidwe ka nkhani. Munthu akalowa mwakabisira, chimene chimakoka owerenga kuyambira tsamba loyamba ndi mantha akuti kodi amugwira liti. Burton akufotokoza kachikwama kooneka ngati konyamulira Qur'an, kamene anabisamo wotchi, kampasi, pensulo ndi timapepala, ndipo akufotokozanso mmene chida chake choyezera nyenyezi chinatsala pang'ono kumuulula ku Suez. Wowerenga wa ku London ankawerenga mtima uli m'mwamba chifukwa cha mzungu mmodziyo, ndipo anthu zikwizikwi amene anadzapembedza ankasanduka chiopsezo chimene ngwaziyo ikuyenera kuchizemba. Wowerenga wotero amamaliza buku akudziwa bwino kulimba mtima kwa Burton, koma chimene chinabweretsa nkhalamba ya ku Java kapena ya ku Bukhara sakuchidziwa.

Maganizo anga ndi akuti mabukuwa tiwakhulupirire akamanena za njira, nyumba, misika ndi ndondomeko ya miyambo, pakuti pamenepo ankasamala, ndipo zambiri zimene anafotokoza zinagwetsedwa kale moti umboni wawo ndi wamtengo wapatali. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti ankaona tinthu timene eni ake ankatidutsa poti anatizolowera. Koma akayamba kuweruza mitundu ya anthu, kunena kuti awa ndi aulesi, awa ndi achinyengo, awa ndi otentheka pa chipembedzo, pamenepo amalankhula ndi malingaliro amene ananyamula kuchokera kwawo. Edward Said, katswiri wa zolembalemba wochokera ku Palestine, analemba mozama za khalidwe limeneli mu 1978, ndipo Burton ndi mmodzi mwa anthu amene anawaunika.

Hajat analemba:

Assalaam alaikum nonse. Mulungu anandichitira chisomo chokachita Hajj, ndipo ena mwa mabuku amene atchulidwa ndinawawerenga nditabwerako. Aphunzitsi afotokoza bwino ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma ndikufuna kukankhira patsogolo mfundo yawo ina. Iwo akuti tiwakhulupirire alembiwa pa miyezo ndi pa ndondomeko. Ine ndikuti mayi aja sanafunse kutalika kwa khoma la Kaaba. Anafunsa chimene chimakoka munthu, ndipo funso limenelo silingayankhidwe ndi munthu amene pa nthawi ya swala maganizo ake anali pa pensulo.

Ndifotokoze za tsiku la 9 la mwezi wa Dhul Hijjah, tsiku la Arafat, limene Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ananena kuti ndilo Hajj yeniyeniyo. Chigwa cha Arafat chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Makkah. Ulaliki ukatha, ndipo swala ya masana ya Dhuhr ndi ya chakumadzulo ya Asr zikaswalidwa pamodzi, palibenso mwambo wina woti maso auone. Palibe chozungulira, palibe chogenda, palibe chonyamula. Anthu amangoima kapena kukhala pansi, manja ali m'mwamba, mpaka dzuwa kulowa. Pafupi ndi ine panali gogo wina wa dziko limene sindinalidziwe, ndipo chiyankhulo chake sindinamvepo ngakhale liwu limodzi. Anali ndi pepala lopindapinda, lonyowa ndi thukuta, lodzaza mayina mbali zonse ziwiri. Ankaika chala pa dzina, kulitchula, kupempha kwa kanthawi, kenako kutsitsa chalacho pa dzina lotsatira. Ena ankawadutsa msanga, koma atafika pa dzina lina cha pakati anaima nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, mpaka pepalalo linagwa. Ndinalitola n'kuwapatsa, ndipo iwo anatsegula botolo lawo la madzi n'kundithira pang'ono pa mpango wa kumutu chifukwa anaona kuti kutentha kwandifooketsa. Gogo ameneyo anasenza mudzi wonse pa pepala limodzi. Wolemba amene akufunafuna zodabwitsa zoti akauze anthu akwawo angalembe mzere umodzi wakuti khamu linalira, n'kufulumira kupita ku Mina, chigwa cha pafupi ndi Makkah, kumene kuli miyala ndi magazi a nyama zozingidwa, poti zimenezo n'zosavuta kuzifotokoza.

Chinanso chimene ndimaona kuti alembi achimuna akalewo sanachipatse malo okwanira ndi nkhani ya akazi. Pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa pali mtunda wa mamita pafupifupi 450, ndipo aliyense wochita Hajj amauyenda kasanu ndi kawiri, mfumu ndi wosauka yemwe. Amatsata mapazi a Hajar, mayi amene anasiyidwa m'chigwa chouma ndi khanda lake Ismail, n'kumathamanga uku ndi uku kufunafuna madzi mpaka Mulungu anatumphutsa kasupe wa Zamzam. Pamene pali magetsi obiriwira amuna amathamanga pang'ono pokumbukira kuthamanga kwa mayiyo. Wowerenga wa ku Ulaya amene anauzidwa kuti m'Chisilamu mkazi alibe malo ayenera kumva kuti amuna mamiliyoni chaka ndi chaka amabwereza mapazi a mkazi. Ayenera kumvanso kuti pozungulira Kaaba amuna ndi akazi amayendera limodzi, ndiponso kuti mkazi amene ali mu ihram savala chophimba kumaso chija cha niqab. Amuna odzizimbaitsa aja sakanatha kucheza momasuka ndi akazi a m'nyumba zimene ankafikira, motero zambiri zimene analemba za akazi zinali zakumva ndi zongoganizira.

N'chifukwa chake ine ndingayambe ndi Lady Evelyn Cobbold, mayi wa m'banja lolemekezeka la ku Britain amene anali Msilamu ndipo anachita Hajj mu 1933 ali ndi zaka 65, atalandira chilolezo cha Mfumu Abdulaziz ya ku Saudi Arabia. Buku lake linatuluka mu 1934. Iye analowera pakhomo, dzina lake likudziwika, ndipo anakhala ndi akazi a ku Madinah ndi ku Makkah m'zipinda zawo, kudya nawo ndi kumva nkhani zawo. Ankayenda pa galimoto ndipo anali mlendo wa anthu olemera, choncho mavuto a osauka sanawalawe, koma ankalembera anthu a mtundu wake monga munthu amene akupembedza nawo. Atamwalira mu 1963 anaikidwa kumapiri a ku Scotland motsatira mwambo wa Chisilamu.

Pa funso la chinyengo, achimwene, mtima wanu sunakunamizeni. Lamulo loletsa amene si Asilamu limachokera pa ndime 28 ya Sura At-Tawbah, ndipo silibisa chinsinsi chilichonse, pakuti miyambo yonse ya Hajj imaphunzitsidwa poyera ndipo masiku ano imaonetsedwa pa wailesi yakanema padziko lonse. Ndi malire a malo opatulika. Amene anawadumpha ananama potchula shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro cha Chisilamu, anadya chakudya cha anthu amene anawalandira ngati abale, kenako anakawafotokoza kwa alendo monga zinthu zochititsa chidwi. Ndingathe kuphunzira kwa munthu wotero, koma sindingamuike patsogolo kuti akhale mphunzitsi woyamba wa mlendo amene wabwera ndi mtima wabwino.

Mtolankhani Wopuma analemba:

A Hajat, nkhani ya gogo uja yandikhudza kwambiri, ndipo ndikugwirizana nanu pa za chinyengo. Komabe ndikupempha kuti tisagwere mbali inayo, yoganiza kuti buku lililonse lolembedwa ndi wokhulupirira ndi galasi loyera. Wokhulupirira amene akulembera azungu nayenso amadziwa amene akumumvetsera, ndipo amasankha zoti anene.

Muhammad Asad, amene anabadwa mu 1900 m'banja lachiyuda ndi dzina lakuti Leopold Weiss, anali mtolankhani wa nyuzipepala ya Frankfurter Zeitung asanalowe Chisilamu mu 1926. Buku lake la mu 1954 lakopa anthu ambiri, ndipo likuyenera kutero, pakuti muli zowawa zenizeni, monga imfa ya mkazi wake Elsa atangofika kumene ku Makkah. Koma analilemba patapita zaka zoposa makumi awiri, ndi cholinga chodziwika chofotokozera azungu ubwino wa Chisilamu, ndipo moyo wa m'chipululu anaukongoletsa kwambiri. Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda wa ku America, anachita Hajj mu Epulo 1964 ndipo analembera anthu akwawo kuti anadyera m'mbale imodzi ndi kumwera m'chikho chimodzi ndi Asilamu a maso abuluu ndi khungu loyera, chinthu chimene chinasintha maganizo ake pa za mitundu. Sindikayika kuti anaonadi zimenezo. Koma kalatayo inali kuyankha tsankho la ku America, iye kwa masiku ena anali mlendo wa boma wolandiridwa ndi Kalonga Faisal wa ku Saudi Arabia, ndipo ukapolo mu Saudi Arabia unali utangothetsedwa kumene mu 1962. Wowerenga amene angatenge kalata imeneyo monga chithunzi chonse cha dzikolo adzasokera.

Chimene anthu ambiri a ku Ulaya sadziwa n'chakuti Asilamu eni ake akhala akulemba za ulendowu mosapsatira kuyambira kalekale. Ibn Jubayr, amene ananyamuka ku Granada mu 1183, anafotokoza Kaaba ndi chikondi chachikulu, koma anadzudzulanso okhometsa msonkho a ku Alexandria ndi wolamulira wa ku Makkah chifukwa chodyera masuku pamutu alendo a Mulungu. Sikandar Begum, mfumukazi ya ku Bhopal imene inachita Hajj mu 1864, anadandaula poyera za uve ndi za kayendetsedwe ka zinthu, ndipo nkhani yake inatuluka m'Chingerezi mu 1870. Kudzudzula kotere kumachokera m'chikondi, ndipo buku la masiku ano limene likuzemba zowawa likuchepetsa mwambo wakalewu.

Zowawazo zilipo. Linga la Ajyad la m'nthawi ya ufumu wa Ottoman linagwetsedwa mu 2002, ndipo pamalopo pali nyumba zosanja za Abraj al-Bait, ndi nsanja ya wotchi yotalika mamita 601 imene imayang'ana Kaaba kuchokera pamwamba. Mu 2015 anthu anapondana ku Mina. Boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anafa ndi 769, pamene atolankhani ataphatikiza ziwerengero za mayiko osiyanasiyana anapeza oposa 2,400. Mu 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa nthawi ya kutentha koopsa, ndipo ambiri mwa iwo anali opanda chilolezo cha Hajj, kutanthauza kuti analibe tenti yozizira kapena basi. Kumbali ina, ndikuvomereza monga munthu wa ntchito imeneyi kuti nyuzipepala za kumayiko a azungu zimakumbukira Hajj makamaka pakagwa ngozi, ndipo chaka chimene anthu pafupifupi 2.5 miliyoni apita n'kubwerako bwino, monga mu 2019, nkhaniyo imangodutsa. Mlembi wachilungamo ayenera kunyamula zonse ziwiri. Abdellah Hammoudi wa ku Morocco, amene anali mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ya Princeton, anayesa kutero polemba za Hajj yake ya mu 1999, momwe muli mapepala a boma, malonda, zikayiko zake ndiponso mphamvu imene miyamboyo inali nayo pa iye.

Wokonda Mabuku analemba:

Zikomo kwambiri Aphunzitsi, a Hajat ndi inu bambo atolankhani. Ndaganiza kuti Burton adikire kaye, ndipo ndiwapatsa mayi aja buku la Cobbold pamodzi ndi la Hammoudi, kuti amve mawu awiri osiyana.

Koma lero pa nthawi ya nkhomaliro andifunsa funso lina limene landigwira njakata. Akuti m'zimene anawerengapo ali kusukulu munalembedwa kuti Asilamu amalambira mwala wakuda, ndipo kuti ku Mina amakhulupirira kuti akugenda Satana weniweni. Anafunsa mwaulemu, osati monyoza, ndipo ine ndinachita chibwibwi. Ndikuona kuti vuto lina la mabukuwa lili m'mawu amene alembi anasankha pomasulira miyambo imene owerenga awo sanaionepo. Kodi ndiwayankhe bwanji?

Hajat analemba:

Mwaona bwino, achimwene. Mawu amodzi olakwika amakhala m'mutu mwa owerenga kwa mibadwo. Mabuku akale a Chingerezi ankatchula Asilamu ndi dzina lochokera pa dzina la Mtumiki, ngati kuti timapembedza iyeyo monga Akhristu amapembedzera Khristu, pamene iye ndi mtumiki chabe ndipo wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Kusamvetsa komweko ndi kumene kunabala nthano yakuti anthu amapita ku Makkah kukaona manda ake. Manda ali ku Madinah, makilomita oposa 400 kumpoto, ndipo kukawayendera si gawo la Hajj, ngakhale kuti ambiri amapitako chifukwa cha chikondi.

Za mwala wakuda, auzeni mawu a Umar ibn al-Khattab, Khalifa wachiwiri, amene ali m'mabuku a hadith, osunga zonena ndi zochita za Mtumiki. Iye ataupsompsona ananena kuti akudziwa kuti ndi mwala chabe, wosatha kupweteka kapena kuthandiza munthu, ndipo kuti akanapanda kuona Mtumiki akuupsompsona sakanatero. Mwalawo uli pa ngodya ya kum'mawa ya Kaaba ndipo ndi poyambira ndi pothera kuwerenga maulendo asanu ndi awiri a tawaf, mwambo wozungulira Kaaba. Ine sindinaufike n'komwe chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Ndinangokweza dzanja kuloza kumeneko n'kunena kuti Allahu Akbar, monga amachitira ambiri, ndipo tawaf yanga inali yokwanira. Kaaba yeniyeniyo ndi qibla, koyang'ana poswali, ndipo imatchedwa nyumba ya Mulungu chifukwa inamangidwa ndi Ibrahim ndi Ismail kuti akhale malo opembedzerapo Iye.

Za ku Mina, anthu amakumbukira Ibrahim amene anathamangitsa Satana ndi miyala pamene ankamunyengerera kuti asamvere lamulo la Mulungu. Zimene zimagendedwa ndi makoma atatu a Jamarat, amene kale anali zipilala. Timiyala take ndi tating'ono, tosaposa njere ya nyemba, ndipo ambiri timatitola usiku ku Muzdalifah, kumene anthu amagona pansi pabwalo. Timaponya tisanu ndi tiwiri pa tsiku la 10, kenako 21 tsiku lililonse lotsatira, kuti tonse tikwane 49, kapena 70 kwa amene akhala tsiku lowonjezera. Alipo ena amene amatengeka n'kuponya nkhwaira zawo akukalipa, ndipo mashehe amaletsa zimenezo chaka ndi chaka, koma ndi zomwezo zimene wojambula zithunzi amathamangira. Ine poponya kamwala kalikonse ndinkatchula mumtima chizolowezi chimodzi chimene ndinkafuna kuchisiya, ndipo dzanja langa linkanjenjemera kwambiri pa kamwala kachinayi.

Ngati mayiwo angafune kumva mawu ambiri m'buku limodzi, Michael Wolfe wa ku America, amene nayenso analowa Chisilamu n'kuchita Hajj, anasonkhanitsa mu 1997 nkhani za apaulendo a zaka pafupifupi chikwi, kuyambira Nasir Khusraw wa m'zaka za m'ma 1000 mpaka a m'nthawi yathu, Asilamu ndi olowa mwakabisira omwe, aliyense ali ndi mawu omufotokozera kuti anali ndani ndipo ankalembera ndani. Burton alimo, koma ali pakati pa anzake. Ndipo mnzanu wa kuntchito uja akabwerako adzabwera ndi madzi a Zamzam ndi tende zoti agawire anthu. Mayiwo adzakhale naye pansi tsiku limenelo, ndipo adzamufunse kuti pa Arafat anatchula mayina a ndani.